Super Mario Land: Kagemu Kakafupi Komwe Sikatha Kukoma

[Pa sikirini: Game Boy yotuwa ili patebulo. Dzanja likulowetsa katiriji kumbuyo kwake, likuyatsa. Dzina la Nintendo likutsika pang'onopang'ono, kenako kabelu kakulira.]

Moni nonse, takulandirani. Lero tili ndi gemu yomwe munthu woizolowera amaimaliza ola lisanakwane, koma inagulidwa makope oposa 18 miliyoni padziko lonse. Dzina lake ndi Super Mario Land. Inatuluka ku Japan pa 21 April 1989, tsiku lomwelo limene kampani ya Nintendo inayamba kugulitsa Game Boy, kachipangizo kosewerera magemu konyamula m'manja. Ndiye kagemu kakafupi chonchi, kopanda mitundu yowala, kamakoma bwanji mpaka lero? Khalani pomwepo tione limodzi.

Tiyambe ndi chipangizo chenichenicho. Sikirini ya Game Boy ndi kakang'ono zedi: timadontho 160 chopingasa, 144 chotsika. Mitundu ilipo inayi yokha, kuchokera pa kobiriwira kotumbuluka kufika pa kodera. Mkati mulibe nyale, moti kukada muyenera kusendera pomwe pali kuwala. Mkulu amene anatsogolera ntchitoyi, a Gunpei Yokoi, anachita kusankha dala zipangizo zakale ndi zotchipa. Anzawo a Atari Lynx ndi Sega Game Gear anabwera ndi masikirini a mitundu yokongola, koma ankadya mabatire 6 m'maola ochepa chabe. Game Boy inkafuna mabatire anayi, ndipo inkakufikitsani maola oposa 10. Kwa mwana amene ali paulendo wautali, kapena kunyumba komwe mabatire sagulidwa tsiku ndi tsiku, nkhani inathera pomwepo.

Tsono Mario anayenera kukwana m'kabokosi kameneka. Ndipo apa pali chinthu chomwe ambiri sadziwa: a Shigeru Miyamoto, omwe anayambitsa Mario, sanapange nawo gemuyi. Inapangidwa ndi gulu la a Yokoi lotchedwa R&D1, motsogoleredwa ndi a Satoru Okada. Anthu amenewa sanayese kukopera Super Mario Bros ya pa TV n'kuifinyira m'kasikirini. Anatenga mafupa ake okha, kuthamanga, kudumpha, bowa, mapaipi ndi makobidi, zinazo n'kupanga zawozawo. Kukoma kwa gemuyi kwagona pamenepo.

[Pa sikirini: gawo loyamba. Mario akuthamanga, kumbuyo kukuoneka mapiramidi ndi mitengo ya kanjedza.]

Taonani kuchepa kwa Mario. Kamunthu kakang'onong'ono, nkhope yake sioneka n'komwe. Wina angati ndi ulesi wa ojambula, koma ayi. Akanamukulitsa, simukanaona dzenje lomwe likubwera kutsogolo mpaka mutagweramo. Pomuchepetsa, anakupatsani mpata woona njira, woona mdani akadali patali, n'kuganiza zochita. Kumbuyo nakonso sanadzazeko zithunzi zambiri, timizere towerengeka basi, chifukwa sikirini ya Game Boy imachita chimbuuzi zinthu zikamayenda mofulumira.

Vuto lina linali la bowa. Mu gemu ya pa TV, bowa wofiira amakukulitsani, wobiriwira amakupatsani moyo wina. Nanga popanda mitundu mungawasiyanitse bwanji? Anangochotsa bowa wachiwiriyo n'kuikapo kamtima. Mukaona kamtima kakutuluka m'bokosi, palibe wofunika kukuuzani tanthauzo lake. Mumangokathamangira.

Koma chimene ine ndimachikonda kuposa zonse ndi duwa. Ndiloleni ndichedwepo pang'ono.

[Pa sikirini: Mario watenga duwa, akuponya kampira. Kampirako kakugunda pansi, kakukwera chopendekera, kakugunda denga, kakubwerera.]

M'magemu ena a Mario, duwa limakupatsani moto woponya kutsogolo. Muno limakupatsani kampira kotchedwa Superball. Mukadina batani la B, kampirako kamagunda pansi n'kunjanja chopendekera m'mwamba. Kakapeza khoma kamabwerera, kakapeza denga kamatsika, ndipo simungaponye kena koyambako kasanachoke. Pabwalo poyera, mukaphonya mdani, kampira kamangopita kumwamba inu n'kutsala manja lende kwa kanthawi. Choncho simuponya mwachisawawa. Mumayeza kaye ngodya, ngati mmene anyamata a pa pulu amaombetsera mpira m'mbali mwa tebulo kuti ukagunde unzake womwe wabisala.

Ndiye kampira kameneka kamatolanso makobidi. Lowani mupaipi, mufike m'kachipinda kapansi kodzaza ndi makobidi, ena ali pamalo oti simungafikepo. Ponyani kampira kamodzi, muime. Mudzangomva ting, ting, ting, kakuzungulira chipinda chonse kukutolerani chuma. Makobidi akakwana 100, mwapata moyo wina. Chida chimodzi, ntchito ziwiri, ndipo malo opanikizika omwe akanakhala chilema cha gemuyi asanduka pokomera pake.

Chinanso ndi akamba. Aliyense amene anasewerapo Mario amadziwa kuti kamba ukamuponda, umamenya chigoba chake n'kukagwetsa adani ena. Yesani zimenezo muno muone. Kamba wa muno wabereka bomba kumsana. Mukamuponda amayamba kuphethira, ndipo mukachedwa pomwepo, phuu! Mario wachepa kapena wafa. Anthu ambiri amapsa napo ulendo woyamba, kenako dzanja limaphunzira lokha: ponda, thawa. Gemuyi ilibe mawu okuphunzitsani. Imakusiyani mulakwe pamalo pomwe kulakwako sikukutayitsani zambiri.

[Pa sikirini: zithunzi zinayi zikusinthana, chipululu, nyanja, mitu yamiyala, nsungwi.]

Nkhani yake ndi yachidule. Dziko ndi Sarasaland, osati Mushroom Kingdom ya masiku onse. Wobedwa ndi mwana wa mfumu dzina lake Daisy, yemwe anaonekera koyamba mu gemu yomweyi. Wakuba si Bowser, mdani wa Mario wa masiku onse, koma Tatanga, cholengedwa chochokera kumlengalenga. Maufumu alipo anayi, uliwonse uli ndi magawo atatu, onse pamodzi 12.

Birabuto ndi wa mapiramidi ngati a ku Egypt, komwe njuchi zimakugwetserani mikondo. Muda ndi wa madzi, mafupa a nsomba akudumpha kuchokera pansi. Easton anatengera mitu ikuluikulu yamiyala ya ku Easter Island, koma muno mituyo imathamanga, ina ili ndi mapiko. Kumeneko kuli malo omwe pansi ponse ndi zisonga, ndipo njira yokha yowolokera ndi kukwera pamwamba pa chimwala chomwe chikugubuduzika, chimwala chomwecho chimene chingakupheni chikakugundani m'mbali. Mtima umakhala m'mwamba mpaka mutaponda tsidya. Womaliza ndi Chai, wa nsungwi ndi mapiri ngati a ku China wakale, komwe kuli adani otchedwa Pionpi: amayenda chodumphadumpha, mukawaponda amagwa, pakapita kanthawi n'kudzukanso kukulondolani.

Mwaona kuti palibe ufumu womwe ukufanana ndi unzake? Mukangoti ndazolowera, gemu yasintha kale. Ndipo kawiri konse imasinthiratu mtundu. Pa gawo lomaliza la Muda, Mario amalowa m'kasitima koyenda pansi pa madzi, Marine Pop, n'kumawombera. Pa gawo lomaliza la gemu yonse amakwera kandege, Sky Pop, kukakumana ndi Tatanga mumlengalenga. Sikirini imayenda yokha, kudumpha kulibenso, ndipo mukatsekeredwa kuseri kwa khoma mwapita. Ena amati zimenezi si Mario weniweni. Ine ndimati zimabwera pa nthawi yake, zala zikangoyamba kutopa ndi kudumpha.

[Pa sikirini: mapeto a gawo. Khomo lina lili pansi, lina pamwamba. Timiyala tikugwa Mario akangopondapo.]

Onaninso mathero a gawo. M'magawo awiri oyamba a ufumu uliwonse muli makomo awiri. Lapansi ndi laulere, mumangolowa. Lapamwamba muyenera kulivutikira, kudumpha pa timiyala tomwe timagwa mukangotiponda kapena pa timatabwa toyenda. Mukalifika, mumalowa m'kamasewera ka mwayi komwe mungapate moyo umodzi, iwiri, itatu, kapena duwa. Mukalephera, nthawi zambiri mumangogwera pansi n'kutulukira khomo lapansi. Woyamba kumene amadutsa bwinobwino, katswiri naye ali ndi chomuyesa, onse pa sikirini imodzimodziyo. Opanga magemu ambiri a lero amalephera kachinthu kameneka.

Nyimbo zake anapeka ndi a Hirokazu Tanaka. Game Boy imatha kutulutsa mawu anayi okha nthawi imodzi, kudzera pa kasipika kamodzi, koma mverani nyimbo ya gawo loyamba ija kawiri, mudzapezeka mukuiimba mluzu mukutsuka mbale. Ya kumapeto, Mario ndi Daisy akuuluka, ndi yofatsa mokhudza mtima, ndipo imakupangitsani kumva kuti mwachokera kutali ngakhale mwasewera mphindi zochepa.

Sindikubisirani, zofooka zilipo. Kadumphidwe ka Mario muno n'kolimba. Akakhala m'malere sagwirika bwino ngati wa pa TV, ndipo akaphonya poponda amagwa mofulumira modabwitsa. Mphindi zoyamba mudzagwera m'maenje omwe mumaona ngati mwawadumpha. Komanso simungasunge pomwe mwafika. Mukazimitsa, mawa muyambira pa chiyambi. Koma apa m'pamene kufupika kwake kumathandiza. Kuyambiranso sikuwawa, chifukwa njira yonse ndi yoti mumaliza mutakhala pamalo amodzi. Ulendo wachiwiri mukudziwa paipi yomwe ili ndi makobidi, wachitatu mukudziwa bokosi lomwe labisa kamtima. Mukaimaliza, imakutsegulirani ulendo wovuta wokhala ndi adani ochuluka, ndipo mukamalizanso umenewo mumaloledwa kusankha gawo lomwe mukufuna.

Kankhani kena kapambali: ku America, gemuyi ndi yomwe inkayembekezeka kuikidwa m'bokosi limodzi ndi Game Boy. A Henk Rogers anakopa akuluakulu a Nintendo kuti aikemo Tetris, poona kuti imakoka aliyense, ana ndi akulu omwe. Tetris ndi gemu ya timiyala togwa ija, yomwe ambiri kwathu kuno tinaidziwira pa tizipangizo totchipa ta Brick Game. Choncho Super Mario Land anthu ankachita kuigula payokha, ndipo anaigulabe mamiliyoni.

Inatulukanso pa Nintendo 3DS mu 2011, ndipo ngati mukufuna kuilawa lero, kuyambira 2024 ikupezeka pa Nintendo Switch kwa omwe amalipira Nintendo Switch Online. Langizo langa ndi loti ulendo woyamba musathamangire kumaliza. Lowani paipi iliyonse yomwe ikulola, yesani khomo lapamwamba nthawi zonse, ndipo duwa mukalipeza lisamaleni mpaka mufike nalo m'kachipinda ka makobidi.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona Super Mario Land 2 ya mu 1992, momwe gulu lomweli linakulitsa Mario, linaika mapu oti muzisankha nokha kopita, n'kubweretsa munthu wadyera uja, Wario. Zikomo kwambiri poonera, tionane komweko.