Rayquaza wanu wa levulo 100 sangapambane Contest, imvani chifukwa chake

Moni nonse, takulandiraninso. Lero nkhani ndi ya ma Contest mu magemu a roleplay a Pokémon omwe mafani amayendetsa okha pa Discord, kumene munthu mmodzi amakhala jaji enafe nkumatumiza ma move, maluso omwe Pokémon yako ionetse. Musathawe msanga, pali bodza lina lomwe lafala mu makomenti ndipo lero tithana nalo. Zoyambira ndingodutsa mothamanga.

Ma Contest anayamba mu Pokémon Ruby ndi Sapphire, 2002 ku Japan, kwina konse 2003, ndipo malamulo omwe ndikufotokoza pano ndi a nthawi imeneyo, omwe ife timatsatira. Palibe kumenyana. Ma Pokémon anayi amakwera pa siteji, aliyense amaonetsa luso kasanu, wosangalatsa jaji ndi anthu oonerera kwambiri ndiye watenga riboni. Magawo alipo asanu, Cool, Beauty, Cute, Smart ndi Tough. Umayambira pa Normal Rank, kenako Super, Hyper, nkumalizira Master, mu gemu yoyamba ija kunali kuyenda ulendo kuchoka ku Verdanturf, kupita Fallarbor, Slateport mpaka Lilycove. Basi, tapita.

Choyamba, maonekedwe. Musanayambe kuonetsa ma move, anthu amaweruza mmene Pokémon yanu ikuonekera, ndipo izi zimachokera ku ma Pokéblock, timaswiti tomwe mumaidyetsa, topangidwa ndi zipatso zotchedwa ma Berry. Zowawa ngati tsabola zimakweza Cool, zouma Beauty, zotsekemera Cute, zowawa ngati mankhwala Smart, zowawasa Tough. Koma mimba ili ndi malire, ikakhuta yakhuta, ndiye osamangoipatsa chilichonse chomwe mwatola. Mpango woiveka nawo umathandiza, wofiira wa Cool, wabuluu wa Beauty, choncho choncho.

Chachiwiri, move iliyonse ili ndi gawo lake ndi mitima yake. Mitima ndiye mapointi.

Chachitatu, dikirani kaye, bodza lija lili pompano. Amene mwangofika dinani subscribe, nzaulere, sizidya bandulo.

Anthu amalemba kuti "bola ndabweretsa Rayquaza wa levulo 100, awa a Skitty angopita kwawo." Rayquaza ndi chi Pokémon champhamvu zedi, Skitty ndi kakang'ono ngati kamphaka. Akuluakulu, ayi. Pa malamulo a Ruby ndi Sapphire levulo ilibe ntchito pa siteji. Attack ilibe ntchito, Speed ilibe ntchito, jaji safunsa nkomwe kuti mwagonjetsa kangati Elite Four, akatswiri anayi a kumapeto kwa gemu aja. Taonani pa sikirini apa. Tackle, move yomwe aliyense amaifufuta akangopeza ina, imapereka mitima 4. Hyper Beam, yomwe pa nkhondo imagwetsa pafupifupi chilichonse, imaperekanso mitima 4. Yomweyo! Inde imasokoneza anzanu nkuwachotsera mitima, zimenezo sindikukana, koma ulendo wotsatira Pokémon yanu imangoima phee osachita kanthu. Maulendo ndi asanu okha, inu mwataya umodzi mwadala, pamene wa Tackle uja akupitiriza kutolera.

Ndiye wina ati, nanga Explosion? Mitima 8 nthawi imodzi! Zoona, ndi 8, ndipo ili mu Beauty, musandifunse kuti kudziphulitsa kukukongola pati. Koma mukaigwiritsa ntchito mwamaliza, simuonetsanso kanthu mpaka mpikisano kutha. Ndaonapo munthu akuitumiza pa ulendo woyamba penipeni, nkumalemba ma emoji a moto mu tchati, kenako maulendo anayi otsalawo anangokhala ngati wobwera kudzaonerera ukwati wa eni, anzake akumudutsa mmodzimmodzi. Explosion malo ake ndi ulendo wachisanu, pamene palibenso chotaya. Self-Destruct chimodzimodzi.

Nanga chimapambanitsa nchani ngati si mphamvu? Anthu oonerera aja. Pali kamita ka chisangalalo chawo, kamadzadza pa 5. Mukaonetsa move ya gawo lomwelo la mpikisano kamakwera kamodzi ndipo mumapatsidwa mtima wowonjezera. Magawowa ali pa bwalo, Cool, Beauty, Cute, Smart, Tough nkubwereranso ku Cool, ndiye mu mpikisano wa Cool move ya Beauty kapena Tough siikhudza kamita, koma ya Cute kapena Smart imakatsitsa, anthu amakhumudwa. Tsono mverani apa. Amene wadzadzitsa kamita kaja, ndiye kuti wafikitsa pa 5, amatenga mitima 6 yowonjezera. Ameneyo akhoza kukhala ka Pokémon wamba ngati Zigzagoon wa levulo 5 yemwe mwiniwake wangowerenga bwino kuti kamita kali pa 3, ine ndili wachiwiri pa mzere, ngati woyambayo akweza ndiye mwayi ndi wanga. Rayquaza wanu ndiye wamuphikira, iye wangodya. Kodi mukuona chifukwa chake ndimakwiya nawo makomenti aja?

Ndikudziwa, ndikudziwa, a Pokémon Tabletop United, malamulo ena a roleplay opangidwa ndi mafani, mwayamba kale kulemba. Eya, kumeneko nkosiyana pang'ono, amaponya madayisi ndipo ma stat a nkhondo amawonjezera madayisi a Contest, Attack imapita ku Cool, Defense ku Tough, Speed ku Cute. Koma ngakhale uko anaika malire, ukafika penapake mphamvu sizikuwonjezeranso kanthu. Ndiye funsani jaji wa gulu lanu kuti akutsatira malamulo ati musanayambe kukangana naye.

Tinali pa nambala chani? Chachinayi eti. Osabwereza move yomweyo motsatizana. Jaji amatopa nayo, amakuchotserani mitima, mukapitiriza chilango chimakula.

Chachisanu ndi ma combo, ine ndimawakonda koopsa. Mumayamba ndi move yokopa maso a jaji, monga Rain Dance, ulendo wotsatira nkuponya Thunder kapena Surf, mitima ya move yachiwiriyo imabwera kawiri. Sunny Day kenako Solar Beam, chimodzimodzi. Vuto nlakuti aliyense waona kuti mwayambitsa combo, ndipo pali ma move ena ongofuna munthu amene jaji akumuyang'ana kuti amusokoneze. Ndiye nthawi zina nzeru ndi kuyambitsa pamene anzanu atanganidwa ndi kamita kaja. Ndaika mndandanda wa ma combo pa Discord yathu, linki ili mmunsimu, lowani mudzationetse timu yanu, mpikisano wa oyamba kumene timauyendetsa komweko.

Chachisanu ndi chimodzi, mzere. Wopeza mitima yambiri ulendo uno ndiye amayamba ulendo wotsatira. Zimamveka ngati mphotho koma taganizani, ukayamba ndiwe, anthu atatu onse akumbuyo akhoza kukusokoneza, mitima yomwe wapeza nkuyoyoka ukuona. Womaliza palibe womuchotsera mitima yomwe wapeza. Nchifukwa chake pali ma move odziteteza ku kusokonezedwa, ena okuika patsogolo kapena kumbuyo ulendo wotsatira, ena ochititsa mantha amene akubwera kumbuyo kwako mpaka kulephera kuonetsa kanthu.

Ndi kena kakang'ono ka ife a roleplay. Move mumatumiza kwa jaji ku inbox, osati pagulu, chifukwa onse amayenera kusankha osadziwa za mnzawo. Nkhani yokongola yomwe mumalemba, Milotic akutuluka mmadzi kuwala ngwee, ilembeni jaji akalengeza zotsatira. Ndipo chonde, ma paragirafu khumi sasintha mitima 4 kukhala 9, pokhapokha ngati gulu lanu linagwirizana kuti kalembedwe kali ndi mapointi ake.

Vidiyo yotsatira tipanga ma Pokéblock, tione mmene Feebas amafikira Beauty 170 kuti asanduke Milotic osawononga mimba yake ndi ma Berry achabechabe. Lembani mu makomenti ma move anayi omwe mungalowe nawo mu Tough, ndisankha angapo tidzawaunike limodzi. Wondilembera Explosion pa ulendo woyamba ndimuika pa sikirini.