Mwadina Ctrl+C, pulogalamu yangouma: vuto lili mu handler yanu

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili pa ma signal mu pulogalamu yoyendera event loop, kutanthauza loop imene imadikira zochitika (ma event) n'kumazisamalira chimodzichimodzi. Zoyambirira tithamange nazo: signal ndi uthenga umene kernel, phata la operating system, imaponyera pulogalamu mwadzidzidzi, ndipo handler ndi function yanu imene imaitanidwa signal ikafika. Ctrl+C imatumiza SIGINT, lamulo la kill limatumiza SIGTERM, pomwe SIGKILL ndi SIGSTOP simungazigwire ngakhale mutatani.

Tsopano bodza limene limandinyansa: "Ine ndimaika printf mu handler ndipo zimayenda bwinobwino." Ayi abale, zimayenda mwamwayi chabe! Signal sinena odi. Imatha kulowa pulogalamu ili mkati mwa malloc, function yopempha memory, itagwira loko yoletsa ena kulowamo. Handler yanu ikaitana printf, function yolemba mawu pa sikirini, printf nayo imatha kufuna malloc, n'kuyamba kudikira loko yomwe ija. Nanga wagwira lokoyo ndani? Thread yomweyo, mzere wa ntchito wa pulogalamu, imene handler yaiimitsa. Aliyense akudikira mnzake, palibe uthenga wa vuto, pulogalamu yangoti zii. Pa laputopu yanu patha kupita miyezi zisanachitike, koma pa seva yotanganidwa zidzakugwerani. N'chifukwa chake POSIX, muyezo wa ma system a mtundu wa Unix, ili ndi mndandanda wa zololedwa kuitana mu handler. write ilimo, malloc ndi printf mulibe. Ndipo musandiuze kuti "ndi mzere umodzi wokha wa log", mzere umodziwo ndi wokwanira kuumitsa zonse.

Ndiye tichite bwanji?

Choyamba, sandutsani signal kukhala event wamba. Pangani pipe, njira yokhala ndi mbali yolembera ndi yowerengera, mbali zonse ziwiri zikhale O_NONBLOCK kuti zisamadikire. Handler isunge errno, nambala ya vuto lomaliza, ilembe byte imodzi mu pipe, ibwezeretse errno, ituluke. Loop yanu iziyang'anira mbali yowerengera, ndipo ntchito yonse yotseka pulogalamu ichitikire kumeneko. Wina afunsa: bwanji osangokweza flag? Signal ikafika mutangoiona flag koma musanalowe mu epoll_wait, pamene loop imadikirira ma event, loop igona osadziwa kanthu.

Chachiwiri, pa Linux pali signalfd kuyambira kernel 2.6.22, imene imalola loop kuwerenga ma signal ngati event wamba. Tsekerezani ma signal ndi pthread_sigmask musanayambitse ma thread, apo ayi thread ina idzailandira n'kugwetsa pulogalamu yonse. Pa macOS ndi FreeBSD ndi kqueue ndi EVFILT_SIGNAL.

Ngati zikukuthandizani dinani like ndi subscribe, zimatikweza kwambiri.

Chachitatu ndi Windows, ndipo apa mvetserani. Kumeneko mumalembetsa handler ndi SetConsoleCtrlHandler, ndipo Windows imaiyendetsa pa thread yatsopano, osati pa ya loop yanu. Musakhudze deta ya loop muli mmenemo, ingoidzutsani, mwachitsanzo ndi PostQueuedCompletionStatus. A Python, add_signal_handler ya asyncio pa Windows imaponya NotImplementedError. A Node, process.on('SIGTERM') mutha kuilemba, koma pa Windows sidzaitanidwa.

Chachinayi, ma signal wamba sakhala pamzere. Ma process atatu amene munawayambitsa akatha nthawi imodzi, mutha kulandira SIGCHLD imodzi yokha, signal yokuuzani kuti process yatha, choncho bwerezani waitpid, yofufuza process imene yatha, ndi WNOHANG kuti isadikire, mpaka palibenso wotsala.

Kanthu kena: mukapanda kusintha nthawi, docker stop, lamulo loimitsa pulogalamu mu Docker, imatumiza SIGTERM, ikadikira masekondi 10 imabwera ndi SIGKILL. Kubernetes imapereka masekondi 30. Kutseka kwanu kukwane mmenemo. Lembani mu comment laibulale imene mumagwiritsa ntchito, vidiyo yotsatira tilowa mu uv_signal_t ya libuv, laibulale ya event loop.