Makalata a Omvera: Laputopu ya Msungichuma wa Gulu la Maliro

Moni nonse omvera, a ku Hillbrow, Yeoville, Rosettenville mpaka Diepsloot ndi Tembisa, osaiwala inu amene mumatitsatira pa intaneti muli kumudzi. Sabata yatha ndinangokhudza pang'ono za makompyuta ochedwa, ndiye mwandisandutsa makaniko. WhatsApp yadzaza, imelo yadzaza. Tiyeni tione kuti tifika pati nthawi isanatithere.

Achimwene a ku Turffontein akuti: "Laputopu yanga imatentha, fani imalira kwambiri, kenako imazima yokha. Kodi ndi vairasi?" Achimwene, mumaiika pa bulangete, eti? Ndikudziwa mmene June wa ku Joni amazizirira, koma bulangetelo likutseka timabowo totulukira mpweya wotentha. Iikeni patebulo, ndipo mupite nayo akaichotse fumbi m'kati. Kawirikawiri si vairasi imeneyo.

Achemwali a ku Cosmo City akuti anaika ma antivirus awiri kuti chitetezo chichuluke, koma kompyuta yayamba kuchedwa kuposa kale. Mapanga awiri avumbwitsa, achemwali. Awiriwo akulimbirana fayilo iliyonse imene mukutsegula. Chotsani imodzi.

Tsopano pali kalata iyi imene ndaiwerenga mobwerezabwereza. Yachokera kwa bambo wina wa ku Mayfair, ndipo ndiiwerenga pafupifupi yonse.

"Ine ndine msungichuma wa gulu lathu la maliro, la anthu a ku Mangochi ndi Machinga amene tili kuno. Mwezi ndi mwezi timasonkha kuti mnzathu akatisiya titumize thupi kumudzi. Mayina a amene apereka ndi amene sanapereke ndimalemba mu Excel, pa laputopu imene ndinagula kwa munthu m'tauni. Masiku ano ikuchedwa koopsa, moti ndikaiyatsa ndimamwa tiyi n'kumaliza isanatseguke. Ndikatsegula Chrome pakubwera tsamba limene ine sindinaike, ndipo pakona pakumatuluka uthenga wakuti muli mavairasi asanu, dinani apa. Fulashi yanga nditapita nayo kokasindikiza lipoti, mafoda onse anasanduka ma shortcut. Chikundisowetsa tulo n'chakuti mlembi wa gulu, amene tinasemphana mawu pamsonkhano wapita, anabwerekapo laputopuyi. Ndikuganiza kuti anaikamo spyware kuti aone pasiwedi ya akaunti ya gulu. Lamlungu likubwerali ndikufuna ndikamuyalutse pamaso pa onse. Wokonza makompyuta wati ndimupatse R400 angofomata basi."

Bambo, choyamba ndikupempheni mwaulemu: Lamlungu musakatchule dzina la munthu. Tonse amene takhalitsa kuno taona mmene magulu a maliro amathera. Samatha chifukwa chosowa ndalama, amatha mmodzi akanena mnzake kuti ndi wakuba popanda umboni. Ena amatsatira uyu, ena uyo, zopereka n'kuima. Ndiye tsiku lina foni imalira usiku kuti mnzathu wamwalira, thupi lili kumotchale, abale ku Namwera akudikira, ife n'kuyamba kuyenda ndi mbale khomo ndi khomo. Gulu lanulo ndi lamtengo wapatali kuposa laputopuyo, ndipo pa zonse mwalembazi palibe chimene chikuloza mlembi wanu.

Mwatchula mavuto anayi, ndipo sakuchokera kumodzi.

Za kuchedwazi, dinani mabatani atatu pamodzi, Ctrl, Shift ndi Esc. Patseguka Task Manager. Muone mizere itatu yolembedwa CPU, Memory ndi Disk. Ngati Disk ili pa 100% inu musanatsegule kalikonse, kawirikawiri ndiye kuti m'katimo muli hard drive (chosungira mafayilo) yachikale ija yozungulira, ndipo yatopa. Ngati Memory yatsala pang'ono kudzaza, mwina muli RAM (malo amene mapulogalamu otseguka amagwirira ntchito) ya 4GB yokha, imene Windows ndi Chrome amangogawana n'kutha. Malaputopu ambiri ogula kwa munthu amakhala otero. Mankhwala ake ndi kuikitsa SSD, chosungira mafayilo chamakono chothamanga kuposa hard drive, ndipo ngati makinawo alola, RAM ifike 8GB. Mukadali mu Task Manager momwemo, pitani polembedwa Startup, muone mapulogalamu amene amadzuka okha mukayatsa kompyuta. Amene simukuwafuna m'mawa uliwonse muwazimitse. Ambiri a inu mukachita zimenezi tiyi uja mudzayamba kumwera kutsogolo kwa Excel yotseguka kale.

Uthenga wapakona uja, wa mavairasi asanu, ndi nyambo. Nthawi zambiri umayamba chonchi: munthu walowa pa tsamba la mafilimu kapena la mpira waulere, tsambalo n'kufunsa chilolezo chotumiza mauthenga, iye n'kudina Allow mosawerenga. Kuyambira pamenepo tsambalo limatumiza zoopseza zooneka ngati zachokera ku antivirus. Musadine. Mu Chrome pitani ku Settings, kenako Privacy and security, Site settings, Notifications, muchotse masamba onse amene simukuwadziwa. Ndipo ngati uthengawo uli ndi nambala ya foni yoti muimbe, musaimbe. A Microsoft eni ake amanena kuti mauthenga awo ochenjeza sakhala ndi nambala ya foni. Mukaimba, amayankha ndi munthu waulemu kwambiri amene amakuuzani kuti muike AnyDesk kapena TeamViewer kuti akuthandizeni. Mapulogalamu amenewo si oipa, akatswiri amagwirira ntchito, koma mukapatsa mlendo nambala yake mwamupatsa kompyuta yonse, ndipo amaona chilichonse chimene mukuchita, ngakhale mukalowa kubanki.

Tsamba lachilendo limene likubwera mukatsegula Chrome, chimenecho ndi chenicheni, pali chinalowa. Kawirikawiri chimabwera mobisala m'kati mwa pulogalamu yaulere imene wina anachita dawunilodi. Tsegulani Extensions mu Chrome, pamene pamakhala timapulogalamu towonjezera, muchotse zimene simunaike nokha. Kenako pitani ku Settings ya Windows, pa Apps, musanje mapulogalamuwo potsata tsiku limene anaikidwa. Apa ndi pamene mungaone ngati pali chinalowa masiku amene laputopu inali kwa mlembi. Koma ngakhale mutachipeza, dekhani. Pulogalamu ikalandira update tsiku lake limatha kusintha, komanso mwina mnzanuyo ankangofuna chosinthira kalata kukhala PDF, n'kukoka zinyalala osadziwa. Ndipo mundiuze zoona, bambo: ana anu kapena adzukulu sagwirako laputopu imeneyi inu mukapita kuntchito?

Fulashi ija ndiye ili ndi vairasi ndithu, ndipo ndikukayikira makompyuta a kumene munakasindikizako, chifukwa m'malo otero mumalowa mafulashi a anthu ambiri tsiku lililonse. Vairasi ya mtundu umenewu imabisa mafoda anu enieni n'kuika ma shortcut a mayina omwewo. Mukadina shortcut, foda imatseguka bwinobwino, koma vairasi nayo imayamba ntchito pa kompyuta imene mwaikapo fulashiyo. Mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa. Musadinenso ma shortcut amenewo. Antivirus iyambe yasesa fulashiyo, mafayilo obisika aonetsedwe, muwakopere kwina, kenako fulashiyo muifomate. Ulendo wina mukafuna kusindikiza, tumizani fayilo pa imelo kapena pa WhatsApp, fulashi itsale kunyumba.

Nanga spyware imene mukuiopayo? Apa mvetserani bwino, nonse. Pulogalamu yaukazitape yeniyeni, monga keylogger imene imalemba batani lililonse limene mwadina, anaipanga kuti isadziwike. Siifuula pakona, ndipo nthawi zambiri sichedwetsa kompyuta mpaka inu kuzindikira. Choncho kuchedwa si umboni woti ilimo, ndipo kuthamanga si umboni woti mulibe. Poti pa laputopuyo pamadutsa ndalama za anthu, chitani ngati ilimo. Usiku uno womwe, tengani foni yanu, osati laputopu, musinthe pasiwedi ya imelo poyamba, chifukwa amene ali ndi imelo yanu atha kusintha mapasiwedi ena onse. Kenako ya kubanki. Yatsani chitetezo chachiwiri chija chotumiza nambala pa foni. Pemphani sitetimenti ya akaunti ya gulu, muiyerekeze ndi zimene munalemba. Ngati ndalama zonse zilipo, kagoneni. Ngati pali imene yatuluka inu osadziwa, imbani kubanki nthawi yomweyo pa nambala imene ili kuseri kwa khadi.

Za kufomata, wokonzayo sakunama, nthawi zina ndiyo njira yotsimikizika. Koma kufomata kumafufuta zonse, kuphatikizapo Excel ija. Musanapereke laputopu kwa aliyense, fayiloyo muitumize ku imelo yanu kapena ku Google Drive, kumene amapereka 15GB yaulere, ndiponso muisindikize papepala, wapampando asunge kope lake. Kenako yesani zaulere kaye. Windows 10 ndi 11 ali kale ndi antivirus yawo, Microsoft Defender. Tsegulani Windows Security, Virus and threat protection, Scan options, musankhe Full scan. Itenga nthawi, ilekeni igwire ntchito. Ikatha musankhe Offline scan, imene imazimitsa kompyuta n'kufufuza Windows asanadzuke, nthawi imene mavairasi obisala sanayambe kudziteteza. Mukafuna diso lachiwiri, Malwarebytes ili ndi mtundu waulere, bola muitenge pa tsamba lawo lenileni. Zonsezi zikakanika, R400 ija ipite. Koma mumufunse wokonzayo kuti aikamo Windows wotani, ndipo laisensi yake ichokera kuti.

Funso limenelo landifikitsa pa chinthu chimene ndachiona m'makalata ambiri sabata ino, ndipo mundikhululukire, ndikalipa pang'ono. Timakonda zaulere, abale anga. Office yothyola, Photoshop yothyola, kapulogalamu kopusitsira Windows kuti aoneke wogula. Ndipo malangizo a zinthu zimenezi amayamba ndi mawu akuti zimitsani antivirus kaye. Inu n'kuzimitsadi! Amene anathyola pulogalamuyo si m'bale wanu, sakugawirani chifukwa cha chifundo. Ena amabisamo zoba mapasiwedi, ena zopangira ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto pogwiritsa ntchito kompyuta yanu, n'chifukwa chake fani imalira inu musakuchita kanthu. Ngati ndalama ya Office palibe, LibreOffice ndi yaulere mwalamulo ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Google Sheets nayo ilipo.

China ndi ma update, zokonza zimene opanga pulogalamu amatumiza kuti atseke mabowo olowera mavairasi. Ndikudziwa kuti data kuno ndi yodula, ndipo ambiri mumaimitsa Windows Update kuti bandulo isathe. Koma kumbukirani vairasi ya WannaCry, imene mu May 2017 inagwira makompyuta m'mayiko oposa 150, mpaka zipatala za ku Britain kubweza odwala. Bowo limene inalowera a Microsoft anali atalitseka kale mu March chaka chomwecho, ndipo ambiri mwa amene anagwidwa ndi amene sanaike update. Kuno kwathu konkuno, mu July 2019, ransomware, vairasi yotseka mafayilo mpaka mutalipira, inagwira makompyuta a City Power, kampani ya magetsi ya mu Joni, anthu n'kulephera kugula magetsi a prepaid pakati pa nyengo yozizira. Ngati zimafika m'maofesi aakulu chotero, laputopu ya pa Mayfair ingapulumuke bwanji? Gulani bandulo ya usiku, kapena pemphani Wi-Fi kuntchito, muisiye imalize. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update anthawi zonse a Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 7 anamusiya kalekale mu January 2020. Amene mukadali pa Windows 7, zakubanki muzichitira pa foni.

Pomaliza kwa inu bambo msungichuma, Lamlungu pitani kumsonkhano ndi pepala lija komanso sitetimenti. Mukapemphe kuti ndalama za gulu zisamatuluke popanda anthu awiri kapena atatu kuvomereza. Zimenezo zikutetezani inu, mlembi, ndi amene adzalowe m'malo mwanu. Ndipo mudzatilembere kuti Task Manager inaonetsa chiyani.

Nthawi yatsala pang'ono, ndithamange. Bambo wina wa ku Kempton Park, amene wandipempha kawiri kuti ndisamutchule, akufunsa pulogalamu yabwino yoika pa foni ya akazi ake kuti aziwerenga mauthenga awo. Bambo, mwalembera pulogalamu yolakwika. Kulowa m'foni kapena m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la dziko lino lotchedwa Cybercrimes Act ya 2020, ngakhale foniyo munagula ndinu. Itanani ankhoswe.

Mnyamata wa ku Berea akuti kompyuta yake yapatebulo inayamba kuvuta magetsi atazima mwadzidzidzi kangapo. N'zotheka, kuzima kotero kumawononga mafayilo a Windows, nthawi zina ndi hard drive yomwe. Kopera zofunika zako lero, ukayezetse hard drive, ndipo ukapeza ndalama ugule UPS, kabokosi ka batire kopatsa kompyuta mphamvu kwa kanthawi magetsi akazima.

Ndipo amayi a ku Yeoville akufunsa ngati vairasi ya pa laputopu ingalowe m'foni mwawo chifukwa zonse amatchajira pa soketi imodzi. Ayi mayi, m'waya wa magetsi simudutsa vairasi. Tchajani mwamtendere, bola musalumikize foniyo ku laputopu ndi chingwe mpaka antivirus itasesa laputopuyo.