Kamera yaing'ono yoyambira: musatumize ndalama musanaone izi

[Patebulo pali makamera atatu aang'ono, mabatire anayi ndi timakhadi tosungira zithunzi]

Moni nonse, takulandirani. Miyezi ingapo yapitayo mwana wa mchemwali wanga anandiimbira foni. Akuti, "Amalume, ndasunga kandalama pang'ono, ndikufuna kamera yoti ndiziphunzirira kujambula. Ndaona ina pa intaneti, yalembedwa 48 megapixels ndi 4K, mtengo wakenso ndi wabwino. Nditenge?" Ndinamuuza kuti adikire kaye, asatumize ndalama. Zimene ndinamufotokozera tsiku limenelo ndi zimene tikambirane lero, chifukwa ambiri mwa inu muli ndi funso lomweli.

Makamera ali apawa ogulitsa amawatcha point-and-shoot, ena amati compact. Ndi kamera yokwana m'thumba la malaya, lenzi yake sichotsedwa, ndipo ntchito yanu ndi kulozetsa n'kudina batani basi. Za kuchuluka kwa kuwala ndi zoti chithunzi chioneke bwino imadziwerengera yokha.

Tibwerere m'mbuyo pang'ono kuti mumvetse chifukwa chake msika wa makamerawa uli mmene ulilimu. Kamera yoyamba ya digito yonyamulika anaipanga Steven Sasson ku kampani ya Kodak, ku America, mu 1975. Inkalemera makilogalamu oposa atatu ndi theka, ndipo chithunzi chimodzi chopanda mtundu chinkatenga masekondi 23 kuti chisungike pa kaseti. Patapita zaka 35, mu 2010, makampani a m'bungwe la opanga makamera la CIPA la ku Japan anatumiza kumisika makamera oposa 120 miliyoni m'chaka chimodzi chokha, ndipo ochuluka anali ang'onoang'ono ngati awa. Kenako mafoni anayamba kujambula bwino, anthu n'kusiya kugula. Pofika 2023 chiwerengero chija chinali chitatsika mpaka pansi pa 8 miliyoni.

Makampani akuluakulu atachepetsa kupanga makamera otsika mtengo, achinyamata a ku America ndi ku Ulaya anayambanso kuwakonda. Anaona pa TikTok ndi Instagram zithunzi za fulashi zooneka ngati za m'ma 2000 zija, n'kuyamba kufukula makamera a makolo awo m'madilowa. Ofuna anachuluka, katundu ali wochepa, mitengo inakwera. Mpata umenewu ndi umene walowa makamera opanda dzina, onga aja ankafuna kugula mwana wa mchemwali wanga uja.

[Anyamula kamera yapulasitiki yonyezimira, kuiyandikitsa]

Nayi imodzi, ndinabwereka kwa mnzanga amene anagula asanafunse. Taonani bokosi lake, manambala ali mbwee. Tsopano yang'anitsitsani lenzi pamene ndikudina batani la zoom. Mwaona? Palibe chikuyenda. Lenzi ili duu pamalo amodzi. Pa sikirini chithunzi chikuoneka ngati chikuyandikira, koma chimene kamerayi ikuchita ndi kudula pakati pa chithunzi n'kukokera kuti chikule, monga mmene mumachitira ndi zala ziwiri pa foni. Imeneyo ndi digital zoom. Chithunzi chimakula, inde, koma nkhope imasanduka phala.

[Aika pansi, anyamula ina]

Iyi ndi Canon yakale. Ndikaiyatsa, tamverani kaphokosoko, lenzi ikutuluka. Ndikadina zoom, ikutalika, ndikabweza, ikubwerera. M'katimo muli timagalasi tikusuntha, ndipo ndi timeneto tikubweretsa chinthu chakutali pafupi popanda kuwononga chithunzi. Imeneyi ndi optical zoom, ndipo kwa ine ndi chifukwa chachikulu chogulira kamera yaing'ono pamene foni muli nayo kale. Pa bokosi fufuzani mawu akuti optical. Akangolemba 16x zoom osatchula mawu amenewo, kapena akalemba digital zoom yokha, ibwezeni. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga ma megapixel aja? Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa, choncho ndichedwepo. Chithunzi cha digito chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono, ndipo megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Tiwerengere limodzi. Chithunzi chamasiku onse chimene mumakatsukitsa ku situdiyo, cha masentimita 10 kwa 15 chija, kuti chituluke chakuthwa bwino chimafuna timadontho 1,200 mbali ina ndi 1,800 mbali inayo. Mukachulukitsa mupeza ma megapixel awiri ndi pang'ono. Chithunzi chodzaza pepala lonse la A4 chimafuna osakwana 9. Ndiye kamera ya 12, ya 16 kapena ya 20 yakukwanirani kale mpaka kutsalako.

Chimene bokosi lija silikuuzani n'chakuti makamera ambiri opanda dzina ali ndi sensa ya ma megapixel ochepa, ndipo nambala yaikuluyo amaipeza pochulukitsa timadontho ndi pulogalamu ya m'kati. Zili ngati kuthira madzi mu thobwa: chidebe chimadzaza, koma thobwa silinawonjezeke.

Sensa ndi kachipangizo kali kuseri kwa lenzi, kamene kamalandira kuwala. Mu makamera otsika mtengo a makampani odziwika, kukula kwake amalemba 1/2.3, ndipo ndi pafupifupi mamilimita 6 kwa 4 ndi theka. Sikafika n'komwe pa njere ya chimanga. Kachipangizo kakang'ono chonchi kamatola kuwala kochepa, ndiye ndikuuzeni zoona: madzulo, m'nyumba mopanda magetsi okwanira, fulashi ili yozima, foni yabwino ya masiku ano idzaiposa kamera imeneyi. Foni imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza, pomwe kamera yakaleyi imajambula chimodzi basi. Alipo makamera aang'ono a sensa yaikulu, monga Sony RX100 imene inatuluka mu 2012 ndi sensa ya mamilimita 13.2 kwa 8.8, komanso Canon G7 X, koma amenewo mtengo wake si wa munthu woyamba kumene.

Pamene kamera yaing'ono imapambana ndi masana, chinthu chikakhala patali. Mwana wanu akulandira satifiketi kutsogolo inu muli kumbuyo kwa holo yowala bwino, kwaya ikuimba panja, mbalame ili mumtengo, anyamata ali pa galaundi. Chachiwiri ndi fulashi yake, imene imang'anima ngati mphezi, osati katochi ka pa foni kaja. Pa chinkhoswe cha madzulo, anthu akuvina pafupi nanu, imawagwira bwinobwino osasokonekera. Ndipo batire la foni yanu limatsala la mauthenga ndi mobile money, zithunzi sizikudzazirani foni.

[Pa sikirini: mayina a makamera akuoneka limodzi ndi zithunzi zake]

Tibwere ku mayina. Ngati mukufuna yatsopano, ya m'bokosi, yambani mwaona Kodak PIXPRO FZ45 ndi FZ55. Zonse ziwiri ndi za ma megapixel 16. FZ45 ili ndi optical zoom ya 4x ndipo imayendera mabatire awiri a AA. FZ55 ili ndi 5x, ndi yopyapyala, ndipo batire lake ndi lotchaja. Dziwani kuti Kodak yeniyeni inasiya kupanga makamera a digito mu 2012. Awa amapanga ndi kampani ya JK Imaging imene inapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo. Si makamera odabwitsa, koma zimene zalembedwa pa bokosi ndi zimene zilidi m'katimo.

Ndalama zikakhalapo zowonjezera, pali Canon IXUS 285 HS ya mu 2016, ya ma megapixel 20 ndi zoom ya 12x. Ili ndi Wi-Fi yotumizira zithunzi ku foni, komanso lenzi yake imachepetsa kunjenjemera kwa dzanja, chinthu chofunika kwambiri mukakoka zoom mpaka kumapeto. Kamera yomweyi ku America imatchedwa PowerShot ELPH 360 HS. Choncho ngati mwatuma achimwene anu a ku Johannesburg kapena azakhali a ku Manchester, auzeni kuti IXUS. Ngati ndi a ku America, auzeni kuti ELPH.

Ambiri a ife tidzathera pa yakaunjika, ndipo palibe cholakwika. Sony Cyber-shot W800 ndi W830, Canon IXUS 185, ma Nikon Coolpix ndi ma Panasonic Lumix akale, onsewa ndi abwino kuphunzirira. Koma yakaunjika imafuna maso, ndipo musaigule muli pa changu.

Choyamba, muiyatse nokha. Wogulitsa akakuuzani kuti batire latha koma ndi yabwinobwino, muuzeni mwaulemu kuti, "Bambo, tchajani, ndibweranso mawa." Ikayaka, onani lenzi ngati ikutuluka ndi kubwerera mosakakamira. Izimitseni n'kuiyatsanso kangapo. Lenzi yokakamira ndiye matenda amene amapha makamera ambiri a mtundu uwu, ndipo kukonzetsa nthawi zambiri kumadya ndalama zoposa mtengo wa kamerayo. Ine yanga yoyamba inafera kunyanja. Ndinaiika pa chitenje pamchenga, kamphepo kanaomba, ndipo madzulo ake lenzi inangotuluka theka n'kuima pomwepo. Zinandipweteka, chifukwa ndinali nditasungira nthawi yaitali.

Kenako unikani mu lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona tinthu tonga ulusi wa kangaude m'kati mwa galasi, chimenecho ndi chuku, chimabwera kamera ikasungidwa ponyowa. Jambulani khoma loyera kapena thambo, muone ngati pali madontho akuda amene akuonekera pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse; limenelo ndi fumbi la pa sensa. Tsegulani pa batire. Batire lotupa musalitenge, ndipo ngati ndi ya AA, onani ngati tizitsulo ta m'katimo sitinadyeke ndi madzi a mabatire akale.

[Aika timakhadi titatu pachikhatho]

Timakhadi iti tasowetsa mtendere anthu ambiri. Aka ndi SD, kamene kamapezeka paliponse. Aka kakatalika ndi Memory Stick ya Sony, imene ma Cyber-shot ambiri a chaka cha 2010 chisanafike amagwiritsa ntchito. Aka kakang'onoka ndi xD, ka makamera akale a Olympus ndi Fujifilm. Tiwiri tomalizati ndi tachikale, ndipo kutipeza n'kovuta. Kamera yofuna timeneti muzitenga pokhapokha khadi lili momwemo. Ngakhale pa SD pomwepo pali msampha. SD yoyambirira imalekeza pa 2GB, SDHC imafika 32GB, ndipo kupitirira apo ndi SDXC. Kamera yopangidwa 2006 isanakwane kawirikawiri imangowerenga ya 2GB ija. Mukaikamo ya 64GB idzakana, inu n'kumaganiza kuti kamera ndi yakufa pomwe vuto ndi khadi.

Za mabatire, kwa ife amene magetsi amatizimira pafupipafupi, kamera ya AA ili ndi ubwino wake, chifukwa mabatire mutha kuwapeza ngakhale pa golosale ya kumudzi. Koma mabatire otchipa a wailesi aja alibe mphamvu yokwanira. Mungojambula zithunzi zochepa kamera n'kuzima. Gulani otchaja a NiMH, monga Eneloop, akhale anayi, awiri m'kamera awiri m'thumba. Ngati kamera ndi ya batire lakelake, werengani nambala ili pa batirepo, monga NB-11L pa ma IXUS aja kapena NP-BN pa Sony W800, ndipo tchaja chake chisatsale kwa wogulitsa.

Mwagula tsopano. Pali chinthu chimodzi chimene ndimafuna aliyense aphunzire tsiku loyamba. Batani lojambulira lili ndi magawo awiri. Taonani chala changa. Ndadina pang'ono, theka chabe, kamera yalira kuti pii, ndipo kabokosi kobiriwira kaonekera pa nkhope. Ikundiuza kuti yamugwira munthu uja bwino. Ndiye tsopano ndimalizitsa kudina. Amene amangobaya batani kamodzi mwamphamvu ndi amene amadandaula kuti zithunzi zikutuluka zachimbuuzi. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitsamire pa nthiti, kalamba kali pa dzanja.

Fulashi yake imafika mamita atatu kapena anayi. Mukakhala kumbuyo kwa tchalitchi siifika kutsogolo, imangowalitsa mitu ya anthu ali pafupi nanu, ndiye izimitseni. Koma masana, munthu akaima pamthunzi kapena dzuwa likakhala kumbuyo kwake, iyatseni, nkhope idzaoneka bwino. Ikani tsiku ndi nthawi zolondola musanajambule chithunzi choyamba. Khadi latsopano muzilichita format m'kamera momwemo. Kuti zithunzi zifike mu foni, gulani ka card reader kolowa pa malo otchajira foni, ndipo potumizira munthu woti akatsuke pa WhatsApp, tumizani ngati document kuti zisafinyidwe. M'miyezi ya fumbi, kamera izikhala m'kachikwama kake, osati m'thumba limodzi ndi makiyi ndi mtedza.

[Pa sikirini: chithunzi cha mayi wokalamba akupeta pakhonde]

Mwana wa mchemwali wanga uja anadikira miyezi ina iwiri, anawonjezera ndalama, n'kutenga FZ45 ndi mabatire otchaja anayi. Chithunzi mukuonachi ndi chake, wandilola kuti ndikuonetseni. Awa ndi agogo ake, amayi anga. Iwo akangoona foni yalozetsedwa kwa iwo amasiya chimene akuchita, amakonza duku, n'kuuma gwa. Apa mwanayo anaima patali pansi pa mtengo wa mango, anakoka zoom yonse, anadina theka, n'kudikira. Taonani lichero lili m'mwamba, gaga akuuluka, ndipo amayi akuseka ndi munthu wina amene sakuoneka pachithunzipa.