Makalata a Omvera: Aphunzitsi Anabwera ndi Kope Pakhomo

Mwaswera bwanji omvera athu, kumudzi kuno ndi inu amene mukutimvera pa intaneti. Tiyambe ndi kalata yochokera ku Cape Town, kwa mayi wina wa ku Mangochi amene amagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko. Apempha kuti tisatchule dzina lawo. Akuti:

"Achimwene, ndimakhala ku Philippi ndi mwana wanga wamwamuna wa zaka 17, ali mu Grade 12. Mwezi wa March anasiya kupita kusukulu osandiuza. Ine ndimalawirira 5 koloko kukakwera taxi, ndiye sindinkadziwa kanthu. Loweruka lina ndinangoona mayi ataima pakhomo, kope la masamu la mwanayo lili m'manja. Anali aphunzitsi ake. Ndi iwo anandiuza kuti anyamata a gang amamudikira pakona pafupi ndi spaza, kagolosale ka m'dera lathu, akufuna aziwanyamulira timapaketi ta tik, mankhwala ozunguza bongo, m'chikwama cha mabuku, poti wa yunifolomu apolisi samukayikira. Chiyambire tsikulo aphunzitsiwa amamutenga pa galimoto yawo m'mawa, iye ndi anzake atatu. Akaweruka kalasi satseka, amakhala nawo mpaka 5 koloko, buledi ndi chiponde agula okha. Komabe mtima wanga suli m'malo. Bambo ake akuti timubweze kumudzi kwa agogo ake. Nditani?"

Mayi, kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo pa kope lija ndinayamba ndaima. Munthu kusiya banja lake Loweruka, kulowa m'tinjira ta ku Philippi kufunsa nyumba ya mwana wa mlendo, ameneyo si wa ntchito chabe, ndi mbale wanu.

Akumudzi mwina mukudabwa kuti tauni yokongola chotere bwanji ili ndi zoterezi. Boma la tsankho linakhazikitsa lamulo la Group Areas Act mu 1950, ndipo mu 1966 linalengeza kuti District Six ndi dera la azungu okha. Anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, ambiri nkukatayidwa kumchenga wa Cape Flats, m'madera ngati Manenberg ndi Hanover Park. Mabanja anabalalika, ntchito zili kutali, magulu a gang ngati Americans ndi Hard Livings nkumera mizu. Mu July 2019 boma linachita kutumizako asilikali, ndipo Philippi anali mwa madera amene anapitako. Mantha anu, mayi, ali ndi mutu wake.

Koma maganizo anga ndi awa. Mayeso a matric, omalizira Grade 12, amayamba mu October. Mwanayo akabwera kuno ndiye kuti akudzalemba MSCE, silabasi ina, Chichewa chimene mwina sanachilembepo, ndipo mwachidziwikire adzabwerera m'mbuyo kalasi. Ngati anyamata a gang aja sanamuopseze poyera, msiyeni amalize. Akamuopseza, kapena akafika pakhomo panu, pamenepo musazengereze, muchotseni usiku womwewo, ngakhale kwa achibale a dera lina la Cape Town lomwelo.

Chinanso, aphunzitsiwa musawasiyire katundu yense. Galimoto imafa, munthu amadwala. Kumanani ndi makolo a anyamata atatu aja mugawane masiku, musonkherane kangachepe ka mafuta. Funsani kusukulu ngati dera lanu lili ndi Walking Bus, gulu la makolo operekeza ana wapansi popita ndi pobwera. Mwanayo mumpatse nambala ya Childline yothandiza ana pamavuto, 116, ndi yaulere. Ndipo bambo ake muwatenge akawaone aphunzitsiwa maso ndi maso asanagule tikiti ya basi.

Ina yaifupi yachokera kwa aphunzitsi a pa CDSS ina ku Blantyre. Akuti atsikana a Form 4 asiya kutsalira pa sitade yamadzulo chifukwa anyamata osuta chamba amawatchingira pamlatho kukada, ndipo iwo atopa kuwaperekeza okha ndi tochi ya pafoni.

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha tochi imeneyo. Koma sitadeyo ibwezeni m'mbuyo, izitha dzuwa likadalipo. Itanani Mother Group ya pasukulupo, amfumu a deralo ndi a community policing, mupite nawo pamlathopo akaone okha. Kuno kwathunso 116 imagwira ntchito, ilembeni pabolodi. Mudzatilemberenso sabata ziwiri zikatha, tikufuna timve kuti atsikana angati abwerera.