Kafumbata amayamba ndi bakiteriya kapena vayirasi?

Zikomo a mfumu, amayi ndi abambo nonse. Bambo akumbuyo uko afunsa kuti kodi kafumbata amayamba ndi bakiteriya kapena vayirasi. N'zomveka kusokonezeka, chifukwa pa Chichewa zonsezi timangoti kachilombo. Kafumbata amayamba ndi bakiteriya, dzina lake Clostridium tetani. Chikuku, poliyo ndi HIV ndiwo mavayirasi, ndipo amachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Kafumbata sapatsirana. Mungathe kudwazika wodwala, kudya naye mbale imodzi, osatenga.

Bakiteriyayu amakhala m'dothi, m'fumbi ndi m'ndowe za ziweto. Amadzikuta chikopa cholimba ngati njere, n'kugona m'nthaka zaka zambiri osafa ndi dzuwa. Amadzuka akalowa m'bala lakuya momwe mpweya sufika: msomali woboola phazi, minga, khasu lokutemani kumunda, bala la moto. Zoti dzimbiri ndi lomwe limadwalitsa si zoona. Msomali wadzimbiri ndi woopsa chifukwa wagona m'dothi ndipo umalowa mkati kwambiri.

Tsono chopha munthu ndi poizoni amene bakiteriyayu amatulutsa. Poizoniyu amayenda m'mitsempha kukafika kumsana, n'kutseka uthenga wouza minofu kuti imasuke. Pakati pa masiku 3 ndi 21 chivulalire, nsagwada zimauma, munthu amalephera kuyasamula ndi kumeza, khosi limalimba, kenako msana umapindika ngati uta. Kungomenyetsa chitseko kapena kumuunikira tochi, thupi lonse limakokana. Ikagwidwa minofu yopumira, ndi pomwe timataya munthu.

Poti ndi bakiteriya, kuchipatala amapereka mankhwala ngati metronidazole. Koma mvetsetsani apa: mankhwalawa amapha bakiteriya, sachotsa poizoni amene wamatirira kale m'mitsempha. N'chifukwa chake makapisozi ogula pamsika sathandiza. Wodwala amafunika kugonekedwa m'chipinda chamdima, chopanda phokoso, kutsukidwa bala, kubayidwa mankhwala ogwira poizoni wotsala m'magazi ndi diazepam wofewetsa minofu. Kuchira kumatenga masabata angapo, ndipo wochirayo angadwalenso ngati sabayitsa katemera.

Mukavulala, tsukani bala nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi oyera ambiri, chotsani dothi ndi tizitsotso. Osathira phulusa, dothi kapena mafuta a galimoto. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati padutsa zaka 5 chibayitsireni katemera.

Kwa makanda khomo la kafumbata ndi mchombo. Lumo lakale, ulusi wauve, ndowe kapena phulusa lopaka pamchombo, ndiye njira yake imeneyo. Mwana amayamwa bwinobwino masiku 2 oyamba, kenako amasiya, kakamwa kauma, timanja tafumbata. Mukaona zimenezo musadikire kuti kuche.

Amayi, katemera wanu ndi jakisoni 5. Woyamba mukangoyamba sikelo, wachiwiri pakatha masabata 4, wachitatu pakatha miyezi 6, wachinayi pakatha chaka, wachisanu pakathanso chaka china. Ambiri amalekera pa wachiwiri akangobereka, chonsecho awiriwo amateteza zaka zochepa chabe. Mwana naye amalandira wake m'katemera wa penta, woteteza ku matenda asanu, pa masabata 6, 10 ndi 14. Sabata yamawa mubwere ndi mabuku anu akuchipatala, alangizi a zaumoyo aone pomwe aliyense analekezera.