Kachotupa pamimba pa kagalu kanu: n'chiyani, ndipo muthamangire liti kwa dokotala?

[Kagalu kagonekedwa chagada pa thaulo, dzanja likukasisita pamimba]

Moni nonse okonda agalu. Mukusisita kagalu kanu pamimba, chala chagunda kanthu kotupa, mtima wangoti myu. Khazikani mtima pansi kaye. Pa tiagalu ta miyezi yochepa, zotupa zambiri za pamimba si zoopsa, ndipo khansa siichitikachitika pa msinkhu umenewu. Komabe pali chimodzi chomwe chingatenge moyo wa kagalu mukachichedwetsa, ndipo ndikufuna muchidziwe ndi zala zanu.

Sambani m'manja, kagonekeni chagada pamalo owala, kakhale kodekha. Muzidzifunsa kuti chotupacho chili pati, n'chofewa kapena cholimba, ndiponso kagalu kakumva kuwawa mukachigwira kapena ayi.

Tiyambe ndi zomwe si matenda n'komwe. Galu wamwamuna nayenso ali ndi mawere. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, ena mpaka amakanda bere ndi chikhadabo poganiza kuti ndi nkhupakupa. Agalu ambiri amakhala ndi mawere 8 mpaka 10, m'mizere iwiri yochokera pachifuwa kutsikira m'mphechepeche. Mukapeza kanthu kumanzere, yang'anani kumanja. Ngati kali ndi kanzake mumzere winawo, ndi bere. Nkhupakupa ili ndi timiyendo pafupi ndi khungu, ndipo imafufuma ikamayamwa magazi. Imeneyo igwireni ndi kopanira pamutu penipeni, n'kuikoka molunjika pang'onopang'ono. Osaiwotcha ndi moto.

Kagalu kakamuna kakasangalala, mbali zonse ziwiri za kutsinde kwa chida chake kumatupa timibulu tiwiri tolimba. Pakapita mphindi zingapo timaphwera tokha. Ndi chilengedwe chake.

[Kamera iyandikire pa mchombo]

Tsopano yang'anani apa, pakati penipeni pa mimba, kumunsi pang'ono kwa nthiti. Apa ndi pa mchombo. Kagalu kali m'mimba mwa mayi ake kamadya kudzera mu chingwe cholowa pa kabowo ka m'minofu ya pamimba. Kakabadwa, chingwecho chimauma n'kugwa m'masiku atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kabowoko kamayenera kutsekeka. Kwa tiagalu tina sikatsekeka. Mafuta a m'mimba amasuzumira pa kabowoko n'kutukula khungu, ndiye mumaona mchombo wotuluka. Madokotala amati umbilical hernia.

Gwirani mofatsa ndi nsonga ya chala. Kachotupako kamakhala kofewa, kosawawa, ndipo nthawi zambiri kamabwerera m'kati mukakankha pang'ono, kenako n'kutulukanso kagalu kakauwa kapena kudzilimbitsa pochita chimbudzi. Chala chanu chikhoza kumva m'mphepete mwa kabowoko. Timabowo tating'ono timatha kutsekeka tokha kagalu kakamafika miyezi 3 kapena 4. Pakadutsa miyezi 6 kabowo kadakalipo, musayembekezenso. Dokotala wa ziweto amakasoka, ndipo kawirikawiri amachitira limodzi ndi opaleshoni yofula kapena yotseka kubereka, kuti kagalu kagonekedwe tulo kamodzi kokha. Vutoli limayendanso m'magazi, choncho galu wobadwa nalo si woyenera kumubereketsa.

Ena amamata ndalama yachitsulo pa mchombopo kapena kumanga ndi nsalu. Chonde musatero. Bowo lili m'minofu ya m'kati, ndalamayo silitseka, imangotupula khungu.

Mvetserani bwino apa. Bowo likakhala lalikulupo, thumbo likhoza kulowamo n'kupanikizika. Magazi amasiya kufika pa thumbolo ndipo limayamba kufa m'maola ochepa. Kachotupa kamene dzulo kanali kofewa lero kalimba, katentha, kafiira kapena kuda, sikakubwereranso m'kati. Kagalu kakulira mukakhudza, kakusanza, kakukana chakudya, kangoti khuma. Mukaona zimenezi musadikire kuti kuche, ndipo musayese kukankhira m'kati mwamphamvu. Nyamulani kagalu, pitani kwa dokotala nthawi yomweyo. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa aliyense amene kagalu kake kali ndi mchombo wotuluka kuti azikagwira tsiku lililonse, kuti adziwe mmene kamamvekera pamene zonse zili bwino.

Bowo lofanana nalo limapezekanso m'mphechepeche, pamene mwendo wakumbuyo wakumana ndi mimba. Limenelo musalichedwetse ngakhale chotupa chikhale chofewa, chifukwa matumbo ndi chikhodzodzo zimatha kulowamo. Koma si chotupa chilichonse cha m'mphechepeche chomwe chili bowo. Kwa kagalu kakamuna likhoza kukhala chende lomwe silinatsike. Machende amakhala atatsika pofika miyezi iwiri, ndipo ngati pa miyezi 6 limodzi silikupezeka m'thumba mwake, dokotala adziwe. Mwanabere nayenso amatupa pomwepo ngati pali chilonda kapena matenda pafupi.

[Chithunzi cha tiziphuphu pa khungu lopanda ubweya]

Nanga tikakhala tambirimbiri? Pamimba pa kagalu palibe ubweya wambiri, khungu ndi lopyapyala, ndipo ndi pomwe kamagonera. Tiziphuphu tofiira tokhala ndi mafinya kunsonga, tomwe tikaphulika timasiya nkhanambo yozungulira, nthawi zambiri timayamba ndi mabakiteriya a Staphylococcus. Timakonda tiagalu togona pa zonyowa ndi mkodzo, kapena tofooka ndi njoka za m'mimba. Chapani zogonera, ziume gwa, ndipo dokotala akupatseni sopo wa mankhwala. Musafinye. Ngati kagalu kakudzikanda osapuma, patulani ubweya wa pamsana pafupi ndi mchira. Mukaona timadontho takuda, tiikeni pa pepala loyera lonyowa. Tikasungunuka n'kufiira, ndi ndowe za utitiri. Kukanda kophatikiza ndi kuthothoka ubweya kukhoza kukhala mphere.

Kwa inu amene muli m'madera otentha a mu Africa, palinso mphutsi. Ntchentche ina imaikira mazira pa dothi la mchenga lamthunzi lomwe pali mkodzo kapena ndowe, ngakhalenso pa nsalu zonyowa. Kagalu kakagonapo, kamphutsi kamaboola khungu n'kukulira m'katimo kwa masiku 8 mpaka 12. Chotupa chake chimaoneka ngati chithupsa, koma yang'anitsitsani pakati: pali kabowo kakang'ono kotuluka madzi, ndipo nthawi zina mumaona kanthu kakusuntha. Kabowoko ndi kopumira. Mukapakapo Vaseline wokhuthala, mphutsi imasowa mpweya n'kuyamba kutuluka, ndipo imachoka mosavuta. Mphutsi yaikulu yokha ndiyo imatuluka bwino. Ikaphulikira m'kati, chilonda chimatukusira. Zikachuluka, kapena kagalu kakakhala kakang'ono kwambiri, ntchitoyi asiyireni dokotala.

Zidzolo zotuluka mwadzidzidzi thupi lonse, kagalu katalumidwa ndi njuchi kapena katangobayidwa katemera, zimasonyeza kuti thupi ladana ndi chinthucho. Nkhope ikayamba kutupa kapena kupuma kukavuta, thamangani. Mimba yonse ikafufuma popanda chotupa chapadera, ganizirani za njoka za m'mimba. Tiagalu timayamba kumwa mankhwala a njoka pa masabata awiri, kenako masabata awiri aliwonse mpaka titakwana masabata 12.

Kaya mwapeza chotani, musapatse kagalu mankhwala a anthu ochepetsa ululu monga ibuprofen kapena paracetamol. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu, paracetamol wochuluka amawononga chiwindi, ndipo pa kathupi kakang'ono chonchi mlingo umapitirira msanga. Jambulani chotupacho ndi foni, chala chanu chili pambali kuti kukula kwake kuoneke, mujambulenso mawa lake. Mukamapita kwa dokotala mutenge zithunzizo, ndipo mumuuze tsiku lomwe munachiona koyamba, ngati kagalu kakudya, komanso ngati kakuchita chimbudzi bwinobwino.